Kuodzera si tulo, komanso si maso

Masana a mwezi wa October ku Mangochi, dzuwa likafika paliwombo, zikope zimalemera. Wogulitsa nsomba pamsika mutu umangoti gwa! kenako dzidzimu, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati alipo wamuona. Chichewa chili ndi mawu ake a kachitidwe kameneka: kuodzera, kapena kuwodzera monga ena amalembera.

Munthu woodzera sanayale mphasa. Amakhala ali chikhalire, m'kalasi, m'tchalitchi kapena m'minibasi, tulo n'kumamuba pang'onopang'ono. Apa m'pamene mawuwa amasiyanirana ndi kugona, poti wogona amachita kufuna. Mnzake wapafupi ndi kusinza, ndipo ambiri amawasinthanitsa, ngakhale ena amati kusinza n'kwa maso pamene kuodzera n'kwa mutu. Mawu onsewa ali ndi abale kunja: Chiswahili chimati kusinzia, ndipo anyamata a ku Mangochi amene amapita ku Joni amakamvako Azulu akuti ukozela.

Kunyanja nkhani yake ndi ina. Mlendo wofika ku Msaka kapena ku Malembo m'mawa n'kupeza amuna ali lambalamba pamthunzi wa bwato angaganize kuti wafika m'mudzi wa alesi. Anthu amenewo achezera pamadzi. Usipa amaupha usiku wamdima, mwezi ukalowa, pounyengerera ndi kuwala kwa nyali kuti usonkhane chilimira asanaponyedwe. Siginala, amene amakhala m'bwato la nyalilo, ndiye saloledwa n'komwe kuodzera, chifukwa iye akaphonya nsomba gulu lonse limabwerako chimanjamanja mafuta a injini atapita. Tulo ta masana ta msodzi ndi ngongole imene akubweza, ndipo kumutcha waulesi n'kusaidziwa nyanja.

M'mwezi wa Ramadan namonso, Asilamu, amene ndi ochuluka m'bomali, amadzuka m'bandakucha kudya daku. Woodzera masana m'nyengo imeneyi palibe womuseka.

Mawuwa amatuluka m'thupi n'kulowa m'zina. Malonda akamayenda mwamphwayi, anthu amati akuodzera. Otchinga kumbuyo akalola chigoli chopepera, ochemerera amati anaodzera. Onenedwa chotere akhoza kudzitonthoza, poti woodzera amadzidzimuka. Kunenedwa kuti ndiwe wogona ndiye chipongwe chenicheni, chifukwa kumeneko ndi kukutcha wopusa.

Pali malo awiri pamene mawuwa sasekeretsa. Oyamba ndi pachiwongolero. Dalaivala wonyamula nsomba usiku pamsewu wa M3 kulowera ku Liwonde, akangoodzera kamphindi, galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita oposa 20 pa sekondi iliyonse popanda woiwongolera.

Achiwiri ndi kuchipatala. Matenda amene amafala ndi ntchentche za kashembe Achewa anawatcha kaodzera, ndipo dzinali linagwira chizindikiro chake ndendende: tizilombo tikafika ku ubongo, wodwala amaodzera masana, usiku n'kusowa tulo. M'Malawi matendawa amapezeka kwambiri m'midzi yoyandikana ndi malo osungira nyama, makamaka ku Rumphi pafupi ndi Vwaza komanso ku Nkhotakota. Amayamba ndi kutentha thupi ndi litsipa, n'chifukwa chake amasokonezeka ndi malungo. Mankhwala ake alipo, koma wosalandira chithandizo amamwalira, nthawi zina pa miyezi yowerengeka chabe.