Alonda a m'Diso la Nkhumba

Nkhumba ikhala tsiku lonse irikufukula dothi ndi mphuno yace, ndipo maso ace ali pafupi ndi pfumbi, matope ndi ndowe. Nanga bwanji maso amenewa sadwala masiku onse? Cifukwa cace ndi cakuti m'diso muli alonda atatu.

Mlonda woyamba ndiye misozi. Misozi itsuka diso, ndiponso m'menemo muli mankhwala amene aswa khungu la tizirombo tina. Sing'anga wina wa ku London, Alexander Fleming, analemba za mankhwalawa m'caka ca 1922, nawacha lysozyme.

Mlonda waciwiri ndiye cikope cacitatu. Nkhumba iri ndi zikope ziwiri monga ife, koma pa ngondya ya diso, ca ku mphuno, pali cina cimene cisesa pfumbi ndi kumwaza misozi pa diso lonse.

Mlonda wacitatu ndiye wobisika koposa. Mukatembenuza cikope muona kakhungu kofiirira konyowa. M'kakhungu kameneka muli timibulu tating'ono ta mtundu umodzi ndi mwanabere, uja atupa m'mphecepece munthu akakhala ndi cironda ku phazi. Timibuluti tadzala ndi maselo oyera a m'mwazi, ndiwo asilikari a thupi. Kacirombo kakagwera pa diso, katengedwa kulowa m'kambulu, ndipo asilikariwo akazindikira, napanga mankhwala olimbana ndi mtundu womwewo wa kacirombo. Mankhwalawo alowa m'misozi, kotero kuti mdaniyo akabweranso apeza khomo lotseka.

Koma alonda angathe kutopa. M'khola losasesa mkodzo uturutsa mpweya wowawa umene upsereza kakhungu kaja, ndipo pfumbi locuruka licita cimodzimodzi. Pamenepo tizirombo tipambana, maso afiira ndi kuturuka manthongo. Tsono sesani khola masiku onse, lipite mphepo, ndipo musapanikize nkhumba zambiri pamodzi.

Cenjeraninso, pakuti diso lofiira nthawi zina ndi mthenga wa nthenda yoopsya ya thupi lonse, ndiyo cigodola. R. E. Montgomery anafotokoza za nthendayi ku Kenya m'caka ca 1921, ndipo kufikira lero palibe mankhwala ociritsa nkhumba yogwidwa nayo. Mukaona maso ofiira pamodzi ndi kutentha thupi, kukana cakudya ndi khungu lofiira ku makutu ndi pa mimba, musacedwe. Patulani nkhumba yodwalayo, musagulitse nkhumba kapena nyama yace, ndipo uzani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Munthu mmodzi akabisa, makola a mudzi wonse angathe kutsala opanda kanthu.

Cifukwa cace popereka gaga m'mawa, yang'anani nkhumba iri yonse m'maso. Tsalani bwino.