Mayunitsi akatha, mbaula isalowe m'chipinda

Ngati mukuchita lendi nyumba imodzi ndi ophunzira anzanu pa Linthipe, mukudziwa kuti chisanu cha ku Dedza chikafika mu June, mayunitsi a ESCOM amathera pakati pa mwezi, mkangano n'kubuka.

Dziwani kaye chomwe chimadya magetsi. Hotipuleti ya mawatsi 1,000 imamaliza yunitsi imodzi pa ola, pomwe babu la LED la mawatsi 10 limatenga maola 100. Choncho wophika nyemba tsiku ndi tsiku asasonkhe mofanana ndi wongotchaja foni. Gwirizanani tsiku losonkha, sankhani mmodzi wogula pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo muzilemba m'kope mayunitsi otsala sabata iliyonse. Za gasi sonkhaninso asanathe, ndipo paipi muziipaka madzi a sopo: thovu likafufuma, gasi akutuluka.

Nkhaniyi ndi ya moyo wanu. Magetsi akatha usiku wozizira, ena amalowetsa mbaula n'kutseka mawindo. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosanunkha womwe umalanda malo a okosijeni m'magazi. Mukamva mutu, chizungulire kapena nseru, tulukani nonse n'kuthamangira kuchipatala. Munthu amene wagona samva zizindikirozi, ndipo mwina sadzukanso.