Kayezedwe ka madzi, kuchokera pa Mulunguzi mpaka ku Chilwa

Wosambira, msodzi ndi wopalasa bwato amafuna zosiyana m'madzi, ndipo madzi omwe akomera mmodzi akhoza kupha mnzake. N'chifukwa chake akatswiri a zamadzi, asananene kuti mtsinje kapena nyanja ili bwino, amayamba afunsa ntchito yomwe munthu akufuna kukagwiramo. Kenako amayeza kuya kwa madzi, liwiro lake, kuzizira, matope, tizilombo, mpweya, mchere ndi mphepo. Zomba ndi malo abwino oonerapo zonsezi. Mvula yogwa pamwamba pa phiri la Zomba, pomwe nsonga ya Malumbe imaposa mamita 2,000, imatsika ndi mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi mpaka kukathera m'nyanja ya Chilwa, ndipo pa ulendowu madzi amasintha khalidwe kangapo.

Choyamba kuyeza ndi kuya ndi liwiro, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi. Pa milatho ina pamakhala thabwa kapena chitsulo chokhala ndi manambala, chosonyeza pomwe madzi afika. Kuyeza liwiro sikufuna makina apamwamba. Woyeza amawerenga mamita 10 m'mbali mwa mtsinje, n'kuponya kamtengo pakati pa madzi, n'kuona masekondi omwe katenge kudutsa mtundawo. Kakadutsa m'masekondi 10, madziwo akuyenda mita imodzi pa sekondi, ndipo pa liwiro lotere madzi ofika m'mawondo akhoza kumugwetsa munthu wamkulu. Mwana ndiye osanena.

Choopsa cha mitsinje ya ku Zomba n'chakuti imadzadza ndi mvula yomwe anthu a m'munsi sanaione. Kumtunda kukhoza kugwa chimvula pamene m'tauni dzuwa likuswa mtengo, ndipo posakhalitsa Likangala wafufuma. Zizindikiro zake ndi zodziwika: madzi amayamba kufiira, pamabwera timitengo ndi masamba, mkokomo umakula. Amayi ochapa pa miyala ndi ana osewera pa dziwe akaona izi ayenera kutuluka nthawi yomweyo, ngakhale nsalu ina itsale. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasonyeza mphamvu ya madzi otsika m'mapiri a chigawo cha kummwera, koma ngakhale m'dzinja wamba mitsinje yomweyi imakokolola anthu pa madooko omwe amawoloka tsiku ndi tsiku.

Pamwamba pa phiri vuto ndi lina. Madzi a ku mathithi a Williams ndi Mandala ndi oyera mbee, moti mwala wa pansi umaoneka ngati uli pafupi pamene uli kutali. Ndi ozizira kwambiri, makamaka mu Juni ndi Julaye, ndipo thupi likagwera m'madzi otere mwadzidzidzi munthu amakoka mpweya mosafuna n'kumeza madzi, miyendo n'kuuma. Pansi pa mathithi madzi amazungulira n'kumubwezera munthu pomwe agwera. Damu la Mulunguzi, lomwe bungwe la Southern Region Water Board limatungamo madzi akumwa a tauni yonse, ndi lakuya ndipo magombe ake ndi otsetsereka. Kuzizira komweku ndi kumene kumasunga nsomba za trout, zomwe azungu anabweretsa nthawi ya atsamunda. Madzi ozizira ndi othamanga amakhala ndi mpweya wa okosijeni wambiri, ndipo trout imavutika madzi akafunda kupitirira madigiri 20. Kudulidwa kwa mitengo m'mbali mwa mitsinje ya paphiri kumachotsa mthunzi, madzi n'kufunda, matope n'kuchuluka.

Mtsinje ukangolowa m'tauni, funso lalikulu limasanduka la tizilombo, ndipo apa maso sathandiza. Woyeza amatunga madzi m'kabotolo kophikidwa bwino, n'kukaika mu ayezi, n'kukafikitsa ku labotale tsiku lomwelo. Kumeneko amawerenga tizilombo totchedwa E. coli m'mamililita 100 aliwonse. Timeneti timakhala m'matumbo a anthu ndi nyama, choncho tikapezeka ndiye kuti chimbudzi chalowa m'madzi, ndipo komwe kwalowa chimbudzi kolera ndi taifodi zikhoza kulowanso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Chiwerengerochi chimakwera kwambiri mvula yoyamba ikagwa, chifukwa imatsuka ngalande, misika, makola ndi zimbudzi zosefukira n'kuthira zonse mu mtsinje. Masiku awiri kapena atatu otsatira mvula yamphamvu ndi oipitsitsa kusambira kumunsi kwa tauni.

Likodzo limayezedwa mwa njira ina. Woyeza amasefa udzu wa m'mbali mwa madzi kufunafuna nkhono zing'onozing'ono zomwe tizilombo ta nthendayi timakuliramo. Nkhonozi zimakonda madzi ofunda, odekha, okhala ndi zomera, monga ngalande za m'minda ya mpunga ya ku Likangala ndi Domasi komanso madambo a m'mphepete mwa Chilwa. Tizilomboti timaboola khungu popanda bala, ndipo timachuluka m'madzi masana, nthawi yomwe ana amathawirako kutentha. Mwana akayamba kukodza magazi ndiye kuti nthendayo yakhazikika, ndipo ayenera kupita kuchipatala kukalandira mankhwala a praziquantel.

Ku Chilwa, madzi omwe wosambira angawanyoze ndi omwe msodzi amawatamanda. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo, madzi amachoka ndi dzuwa lokha, ndipo malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita atatu. Ndi yamatope, yamchere pang'ono, yodzadza ndi chakudya cha matemba, makumba ndi milamba. Chomwe chimayang'anidwa kwambiri kuno ndi msinkhu wa madzi kumapeto kwa dzinja. Mvula ikaperewera zaka zotsatizana, nyanja imaphwa, mchere umakwera, mpweya umachepa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Mlamba umapirira chifukwa umatha kupuma mpweya wa kunja. Matemba ndi makumba amathawira m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi, ndipo nsomba zobisala mmenemo ndi zomwe zimadzabereka nyanja ikadzadzanso. Wothira katupe m'dziwe la Likangala chaka cha chilala amapha mbewu ya nyanja yonse. Pa chifukwa chofanana nthambi ya zausodzi, pamodzi ndi makomiti a m'madooko, imaletsa makoka m'miyezi yamvula pamene nsomba zikuswana, ndipo kuwedza ndi masikito n'koletsedwa chaka chonse. Asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama tomangidwa pa njedza, amamwa madzi omwe amadzithandiziramo, n'chifukwa chake kolera imawavutitsa kawirikawiri. Mu 2016 iwo anali m'gulu lolandira katemera wakumwa wa nthendayi.

Kwa wopalasa bwato kapena woyendetsa boti pakati pa dooko la Kachulu ndi chilumba cha Chisi, mdani ndi mphepo. Pa nyanja yosaya mafunde sakula ngati a ku nyanja ya Malawi, koma amabwera mothithikana ndipo amadzadza bwato mofulumira. Mwera umawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo nthambi yoona zanyengo imachenjeza pa wailesi ukayandikira. M'dzinja mphepo imabwera ndi mitambo yakuda ndi ziphaliwali, makamaka masana, choncho ulendo wa m'mamawa ndi wodalirika. Bwato lisananyamuke, woyendetsa amayang'ana kutalika kwa mbali yake yomwe yatsala pamwamba pa madzi. Matumba a mpunga, mitanga ya matemba, njinga ndi anthu zikalowa mpaka mbaliyo n'kutsala yosakwana chikhatho, funde limodzi ndi lokwanira kulimiza. Chaka chomwe madzi achepa, injini imakodwa m'matope ndi m'zomera, ndipo m'boti muyenera kukhala nkhafi, nsungwi yaitali yokankhira, chotungira madzi olowa ndi majekete oyandamitsa okwana aliyense wokwera.