Amisiri odzutsa PlayStation zakufa ku Kachebere

Pa PlayStation, chimene chimayamba kufa ndi padi. Kamtengo ka kumanzere, kamene chala chachikulu chimakankha kuti wosewera athamange, kamaperepeseka m'kati mpaka wosewerayo amayamba kuyenda yekha pa sikirini munthu asanakhudze kanthu. Timphira ta pansi pa mabatani nato timang'ambika, makamaka pa batani lomenyera mpira kugolo. Kumayiko olemera ambiri amangotaya padi yotere n'kugula ina. Cha kuno ku Kachebere, mnyamata wokonza amaimasula, n'kupukuta m'kati ndi spirit, kenako n'kuzula kamtengo pa padi ina imene inafa kalekale n'kuwotcherera pamenepo. Pa mapadi atatu akufa amatulutsapo imodzi yamoyo. Luso limeneli ndimalilemekeza kwambiri, ndipo ndili nalo nkhawa.

Ambiri amadziwa Kachebere chifukwa cha seminale ya Katolika imene inatsegulidwa mu 1939 pafupi ndi malire a Zambia. Koma derali lilinso m'mbali mwa njira ya malonda yochokera pa Mchinji boma, kudutsa pa Mwami mpaka ku Chipata. Makina a magemu amafika kuno ngati kaunjika, m'zikwama za anthu ochokera ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Joni. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya mwini nyumba ya magemu ndi yosavuta kuifotokoza: kusesa, kuyala mabenchi, kuyatsa TV, kutolera ndalama mpira uliwonse usanayambe, ndi kuleretsa mikangano. Lamulo lake aliyense amalidziwa, wogonja ndiye amasiya padi.

Nkhani yaikulu ndi ndalama. Eni malowa amadandaula kuti chilichonse chimene amagula chimatsata dola, pamene wowalipira ndi mwana wa sukulu kapena wa kabaza amene akupumula masana. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Padi, chingwe ndi flash zinakwera nthawi yomweyo, koma ukakweza mtengo wa gemu benchi imatsala yopanda munthu. Magetsi nawo ali ndi mbiri yawo. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kunatenga miyezi yambiri. Amene anapirira ndi okhawo anakwanitsa kugula sola, batire ndi inveta. Ndiye pali nyengo. Anthu akagulitsa soya, mtedza ndi fodya, m'nyumbamo mumadzaza mpaka usiku. Mu Januwale ndi Febuluwale, ena amangotseka n'kupita kumunda.

Makina amene asunga ntchitoyi kwa zaka zambiri ndi PlayStation 2. Kampani ya Sony inayamba kuwagulitsa mu 2000, inagulitsa oposa 155 miliyoni, ndipo inasiya kuwapanga chakumayambiriro kwa 2013. Magemu a mpira omaliza kutulukira pa makinawa anali FIFA 14 ndi PES 2014. Komabe anyamata amasewera ndi matimu a chaka chino, wosewera aliyense ali ku timu yake yatsopano. Zimatheka chifukwa cha anthu okonda mpira, monga a ku Brazil amene amapanga Bomba Patch, amene amatenga gemu yakale n'kusintha mayina, mayunifomu ndi nkhope. Diso lowerengera CD likafa, wokonza amaika pulogalamu ya Free McBoot pa memory card, makina n'kuyamba kuwerenga magemu kuchokera pa flash. Ena amakhala usiku wonse akulemba pamanja timu ya Bullets ndi ya Wanderers, dzina ndi dzina, chifukwa makampani aakuluwo salabadira ligi yathu.

Makampani ofalitsa magemu amati kusintha ndi kukopera magemu kumeneku ndi kuba, ndipo mawu amenewa sindingawanyoze. Gemu imodzi imatenga zaka, ndipo imadya thukuta la ojambula, olemba mapulogalamu ndi opeka nyimbo. Koma tiyang'ane amene akuwachotsera chakudya pakamwa anthu amenewa. Mu Okutobala 2023 Microsoft inagula Activision Blizzard pa mtengo wa madola pafupifupi 69 biliyoni, ndipo pofika Januwale 2024 inachotsa ntchito anthu 1,900 a kumbali ya magemu. Mwezi wotsatira Sony inachotsa pafupifupi 900. Mnyamata wa ku Kachebere analibe nawo mbali pa zimenezi. Gemu yatsopano ya madola 70 sakanaigula ngakhale akanafuna, ndipo palibe kampani imene inaikapo mtengo wolingana ndi thumba la Mmalawi. Okonzawo amayankha mwachidule kuti makinawo anagula ndi ndalama zawo, ndipo amene anawapanga anawasiya kalekale.

Pakati pa eni malowa palinso kusagwirizana. Achikulire pa ntchitoyi amaumirira pa PS2 chifukwa sidya magetsi ambiri, imapirira fumbi, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Achinyamata amati kasitomala amene waona PS4 sabwereranso m'mbuyo. Akunena zoona, koma PS3 ndi PS4 zimatentha, ndipo m'kanyumba ka malata mu Okutobala zimafuna kutsegulidwa kawirikawiri kuti achotsemo fumbi ndi kupaka mafuta atsopano oziziritsira. Wina amalumbirira PES kuti ndiye mpira weniweni, wina FIFA, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC kampani ya EA italekana ndi bungwe la FIFA. Makolo nawo ali ndi chidandaulo chawo, chakuti ana amathawa m'kalasi ndi ndalama ya mchere. Chidandaulo chimenechi n'chomveka, ndipo mwini malo amene amalola mwana wovala yunifomu kukhala pa benchi nthawi ya sukulu akuipitsa dzina la anzake onse.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi njira imene makampani atenga. PlayStation 5 inatuluka mu 2020 m'mitundu iwiri, wina wopanda polowetsa CD. Mu 2021 Konami inathetsa dzina la PES n'kubweretsa eFootball, gemu imene mtima wake uli pa intaneti. Mu 2024 Ubisoft inazimitsa makompyuta amene ankayendetsa gemu ya The Crew, ndipo onse amene anaigula anatsala ndi chinthu chosatseguka. Mkwiyo wa anthu unabala kampeni ya Stop Killing Games, imene ku European Union inasainidwa ndi anthu oposa 1 miliyoni mu 2025. Kumeneko akukangana za ufulu wa wogula. Kuno nkhani yomweyo ndi ya nsima ya tsiku limenelo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gemu ya pa CD kapena pa flash ili m'manja mwako: ungathe kuigulitsa, kuibwereketsa, kuitenga m'thumba kupita nayo ku Chipata. Gemu ya pa intaneti imafuna khadi yolipirira m'madola, pomwe ndalama zakunja zikusowa ngakhale zogulira mafuta a galimoto. Imafunanso kukopera magigabaiti makumimakumi isanatseguke, ndipo bandulo ya Airtel kapena TNM yokwanira zimenezi ingadye phindu la masiku ambiri.

Makina odalira intaneti safika pa msika wa kaunjika ali athunthu, chifukwa magemu ake amatsalira pa akaunti ya mwini wake woyamba. Ndiye PS2 zomaliza zikadzatha, mmisiri wa mapadi uja adzakonza chiyani? Foni zayamba kale kumulanda makasitomala, poti amene ali ndi foni yamakono amasewerera pakhonde kwawo.

Anyamata amenewa anadziphunzitsa okha kuwerenga bolodi ya zamagetsi, kuwotcherera tizipangizo tating'ono ngati njere ya mpunga, ndi kulowetsa mapulogalamu m'makina. Luso lomwelo lingakonze foni, inveta ndi zipangizo za sola, zimene zikuchuluka m'midzi ya Mchinji. Ambiri alibe pepala lililonse losonyeza zimene amadziwa. A TEVETA ndi a khonsolo ya Mchinji, pitani m'tinyumba timeneti, muwayese anyamatawa pa zimene akuchita kale ndi manja awo, ndipo muwapatse masatifiketi ntchitoyi isanawathere.