Kusankha mutu wa kasitima ka analogi: mafunso ndi mayankho

Ku Germany, Britain, America ndi Japan kuli anthu ambiri, ana ndi akulu omwe, amene amayala njanji zing'onozing'ono m'nyumba n'kumayendetsapo timasitima tamagetsi tofanana ndendende ndi sitima zenizeni. Ambiri adakali pa njira yakale ya analogi. Mayankho otsatirawa ndi othandiza munthu wofuna kugula mutu wa sitima woti adzakalambe nawo.

Funso: Kodi analogi imasiyana bwanji ndi dijito?

Yankho: Pa analogi woyendetsa amalamula njanji, osati mutu. Akawonjezera magetsi a DC, kuchoka pa 0 kufika cha pa mavolti 12, mutu umathamanga. Akatembenuza mbali yolowera magetsi, umabwerera chambuyo. Motero mitu iwiri ya pa njanji imodzi imanyamukira limodzi, pokhapokha njanjiyo itagawidwa zigawo zokhala ndi maswichi akeake. Pa dijito mutu uliwonse uli ndi kachipangizo komvera malamulo akeokha. Kukoma kwa analogi n'kwakuti m'kati mwake muli zochepa: mota, magiya ndi mawaya, zimene munthu wodekha angakonze yekha.

Funso: Choyamba kuyang'ana n'chiyani?

Yankho: Magetsi ake ndi msinkhu wake. Mitu ya HO ya Märklin, kampani ya ku Göppingen, imayendera magetsi a AC ochokera pa timisomali ta pakati pa njanji. Ya Roco, Piko ndi Hornby imayendera DC pa zitsulo ziwiri za njanji. Mitundu iwiriyi siyendera njanji imodzi. Kunena za msinkhu, HO ndi 1:87 pomwe OO ya ku Britain ndi 1:76, koma yonse imakwera njanji ya mamilimita 16.5, pomwe N imafuna ya mamilimita 9. Mawilo a mitu yakale ya Tri-ang ndi Lima ali ndi milomo yaitali, ndiye amagunda pansi pa njanji yopyapyala ya code 75. Iwowa amafuna code 100.

Funso: Ndi ziwalo ziti zimene zimatha msanga?

Yankho: Zing'onozing'ono, zotsika mtengo. Timakaboni ta m'mota timaperepeseka, timasipuling'i take timafooka, timphira ta pa mawilo timauma n'kuduka, ndipo magiya apulasitiki okanikizidwa pa ekiselo amang'aluka, mutu n'kumayenda ukugogoda. Chimodzi mwa izi chikasowa, mutu wokongola umasanduka chokongoletsera pa shelefu.

Funso: Nanga masipeya amasowa chifukwa chiyani?

Yankho: Makampani amasintha eni. Märklin inagula Trix mu 1997. Mu 2004 Hornby inatenga Lima, Rivarossi, Jouef ndi Arnold. Mu 2008 Fleischmann inalowa m'manja mwa eni ake a Roco, ndipo pambuyo pake dzinali linatsalira pa timasitima ta N. Mwini watsopano amagula dzina ndi zikombole, koma sikuti amapitiriza kupanga giya la mtundu uliwonse wakale. Chinanso, mitu yamakono imapangidwa yowerengeka pa ulendo umodzi, ndipo masipeya ake akatha, kudikira kumatalika.

Funso: Ndingadziwe bwanji ndisanapereke ndalama?

Yankho: Funani pepala losonyeza ziwalo zonse za mutuwo ndi manambala ake; Märklin, Roco ndi Hornby amatulutsa mapepala otere. Tengani manambala a kaboni, mphira ndi giya, muwafufuze kwa ogulitsa. Akapezeka kwa ogulitsa angapo, gulani mutuwo. Kondani mota imene inaikidwa m'mitu yambiri, monga X04 ya Tri-ang kapena Ringfield ya Hornby, pakuti chimene chinachuluka sichisowa. Nthawi zina kampani ina ndiyo imapulumutsa: magiya ong'aluka a mitu yambiri ya Proto 2000 anthu amawasintha ndi a Athearn. Mukaukonda kwambiri mutu, gulani mnzake wakufa motchipa, akhale nkhokwe ya ziwalo.

Funso: Kodi pali vuto losakonzeka?

Yankho: Lilipo. Chitsulo cha zinki chimene amaumbira mimba ya mutu chikakhala chosayengeka bwino, chimatupa, kung'aluka, kenako n'kumanyenyeka. Mankhwala ake palibe. Mukaona timing'alu tambiri kunsi kapena thupi lapulasitiki litatumbuka m'mbali, musagule ngakhale mtengo utatsika chotani.

Funso: Bwanji ndingogula watsopano?

Yankho: N'zotheka. Wolembedwa kuti DCC Ready umayenda bwino pa analogi, ndipo uli ndi malo oikapo kachipangizo ka dijito mtsogolo. Koma funso la masipeya mulifunsenso pa umenewu, ndipo mugulire limodzi mphira ndi magiya ake akadalipo. Mukaugula, pothira oilo kadontho kamodzi n'kokwanira. Wambiri amakoka fumbi n'kuononga mota.

Tsono inu amene mukukagula, musanasirire utoto ndi nyali zake, yambani mwafunsa ngati kaboni, mphira ndi giya lake zikupezeka. Mutu wabwino ndi umene ungakonzeke.