Khobwe wa ku Nigeria wodziteteza ku mbozi

Khobwe, amene amalimidwa kwambiri ku Nigeria kuposa dziko lina lililonse, ndi mbewu ya alimi ang'onoang'ono a m'madera ouma, chifukwa amapirira ng'amba, amabwezera chonde m'nthaka, ndiponso masamba ake ndi ndiwo. Mdani wake wamkulu ndi mbozi yotchedwa Maruca vitrata, yochokera ku mazira a kagulugufe kouluka usiku. Mboziyi ikangotuluka m'dzira imalowa m'duwa, kenako imaboola chitheba n'kumadya njere ili m'kati, moti mlimi amangoona maluwa akuyoyoka ndi zitheba zitamatana ndi ulusi wonga wa kangaude, ndowe za mbozi zitaunjikana pakabowo. Poti imabisala chotere, mankhwala opopera saifika bwino, ndipo m'chaka choipa zokolola zimatha kuchepa ndi magawo 80 pa 100 alionse.

Akatswiri a bungwe la IITA ku Ibadan anafufuza m'mitundu ya khobwe masauzande ambiri kuti apeze wopirira mboziyi woti aukwatitse ndi wa alimi, koma sanaupeze, ndipo kulephera kumeneku ndi kumene kunatsegula khomo la njira yosintha chibadwa cha mbewu. Chibadwa cha chamoyo chilichonse chinalembedwa m'tizigawo totchedwa majini, ndipo jini iliyonse ili ngati lamulo louza thupi chinthu choti lipange. Kachilombo ka m'dothi kotchedwa Bacillus thuringiensis, mwachidule Bt, kali ndi jini yopangitsa puloteni ya Cry1Ab, imene ikafika m'matumbo a mbozi imamatirira kukhoma kwa matumbowo n'kuwaboola, mbozi n'kuleka kudya mpaka kufa. Matumbo a munthu alibe malo amene puloteniyi ingamatirire, choncho imagayika monga chakudya china chilichonse. Gulu la T.J. Higgins la ku bungwe la CSIRO ku Australia ndi limene linakhoza kulowetsa jiniyi mu khobwe, ntchito imene inavuta kwa zaka zambiri chifukwa khobwe sachedwa kukanika kuphukanso maselo ake akasinthidwa m'labotale.

Akatswiri a pa yunivesite ya Ahmadu Bello ku Zaria, motsogozedwa ndi Mohammad Ishiyaku komanso mothandizidwa ndi bungwe la AATF, anakwatitsa khobwe wosinthidwayo ndi mtundu umene alimi ankaudziwa kale, wopirira kaufiti. Boma la Nigeria linavomereza mbewuyi mu 2019 ndi dzina loti SAMPEA 20-T, ndipo Ghana inatulutsa yake, Songotra-T, mu 2024. Ku Malawi, kumene thonje la Bt linaloledwa kale, khobwe wotere anayesedwapo m'munda wotchingidwa ku Bunda.

Phindu lenileni laonekera pa kupopera: mlimi amene ankapopera kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu pa nyengo imodzi, nthawi zambiri wopanda chodzitetezera kumaso kapena m'manja, tsopano amapopera kawiri. Kawiriko sikangachoke, chifukwa jiniyi siikhudza nsabwe za zomera ndi tizilombo toyamwa zitheba, ndipo anankafumbwe amafumbwabe khobweyu m'thumba monga kale. Amene amaitama mbewuyi ngati yothetsa mavuto onse a mlimi amaichimwira, pakuti inapangidwira mdani mmodzi yekha.

Mabungwe ena, monga Health of Mother Earth Foundation lotsogozedwa ndi Nnimmo Bassey, akhala akuitsutsa, poopa kuti alimi adzakhala akapolo a makampani a mbewu. Nkhawayi ndi yomveka, koma pano ikuchepa mphamvu, popeza jiniyi inaperekedwa popanda malipiro kwa eni ake, komanso khobwe amadzibereketsa yekha m'duwa lake, kotero mlimi atha kusunga mbewu n'kudzabzalanso. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi mbozi yomweyo: ikamadya puloteni imodzimodzi chaka ndi chaka, zochepa zopulumuka zimaswana, ndipo pakapita nthawi mtundu wonse umaizolowera. N'chifukwa chake akatswiri akugwira ntchito yowonjezera jini yachiwiri, ya Cry2Ab, imene imagwira malo ena m'matumbo a mbozi, kuti yopulumuka puloteni yoyamba ikakodwe ndi inzakeyo.