KODI AGOGO A AGOGO ANU ANALI YANI?

Ambiri a ife tikafunsidwa maina a makolo athu timalekezera pa agogo. Kupitirira apo timangoti "kaya". Koma pali njira yofufuzira mbiri ya banja, ndipo Ayuda ndi anthu amene anaikapo mtima kwambiri pa ntchito imeneyi.

Chifukwa chake n'chomvetsa chisoni. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Hitler linapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. M'midzi yambiri simunatsale nkhalamba yoti n'kufotokozera adzukulu. Otsalawo anayamba kutola maina m'makaundula a boma a kubadwa, ukwati ndi imfa, m'mabuku a msonkho, m'ndandanda wa okwera sitima zapamadzi, ngakhalenso pa miyala ya kumanda. Ku Yad Vashem, ku Yerusalemu, asonkhanitsa maina oposa 4 miliyoni a anthu ophedwawo.

Nkhaniyi si yakutali. Kwa anansi athu ku Zambia kunafika Ayuda ochokera ku Lithuania, monga Elie ndi Harry Susman a ku Rietavas, amene anayamba malonda a ng'ombe ku Barotseland mu 1901. Wina anali Simon Zukas, amene anafika ali mnyamata mu 1938, n'kudzathamangitsidwa ndi atsamunda mu 1952 chifukwa cholimbana ndi chitaganya. Iye anamwalira mu 2021. Mbiri ya anthu amenewa ili m'buku la Zion in Africa, limene Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro anatulutsa mu 1999. Wofufuza banja lotere amavutika ndi maina, pakuti tauni imodzi yomweyo ya Rietavas Ayuda ankaitchula kuti Riteve, ndipo dzina la munthu linkalembedwa mosiyana m'Chirasha, m'Chiyidishi ndi m'Chingerezi.

Nanga mwana wa ku Ngala, kuno kunyanja ku Nkhotakota, ayambire pati? Vuto lake ndi lina. M'nthawi ya atsamunda lamulo linkakakamiza kulembetsa kubadwa kwa Azungu ndi Amwenye, koma osati kwa anthu akuda. Lamulo loti mwana aliyense alembetsedwe linakhazikitsidwa mu 2010, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2015. Choncho musataye ndalama yokwerera galimoto kupita kwa DC kukafuna kalata ya kubadwa ya agogo anu.

Yambani ndi anthu amoyo. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Khalani pansi ndi agogo aakazi kapena amalume, kope ndi pensulo zili m'manja. Kwa Achewa mbumba imayendera kuchikazi, ndipo n'zochititsa chidwi kuti nawonso Ayuda amati Myuda ndi wobadwa kwa mayi wachiyuda. Musafunse kuti "Munabadwa chaka chanji?" chifukwa mudzangosekedwa. Funsani kuti, "Pamene sitima ya Vipya inkamira, kodi munali mutayamba kutunga madzi?" Vipya inamira mu 1946. Njala yaikulu inagwa mu 1949. Zaka zimapezeka motero. Funsaninso maina onse a munthuyo: la ubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, ndi lija analitenga ku Joni.

Kenaka pitani ku parishi. M'maganizo anga, kaundula wa ubatizo ndiye chuma choposa zonse kwa wofufuza wa kumudzi. Mumalembedwa dzina la wobatizidwa, makolo ake, mudzi wake, tsiku la ubatizo ndi omuimirira, ndipo m'mphepete mumaonjezedwa za kulimbitsidwa ndi za ukwati. Tsamba limodzi lingakupatseni mibadwo iwiri. Chenjerani pokha kuti ansembe akale ankalemba maina m'Chilatini, kotero Yohane mudzam'peza ali Joannes, Yakobo ali Jacobus. (Apa m'pamene Chilatini chathu cha m'kalasi chimayamba kubala zipatso!) Mabuku amenewa sangotsegulidwa ndi aliyense, pemphani Bambo Mfumu mwaulemu, ndipo mupite mutadziwa kale mudzi ndi zaka zoyerekeza. Ngati agogo anu anali a Anglican, kumbukirani kuti mishoni ya UMCA inakhazikika pa Nkhotakota mu 1894, ndipo ili ndi mabuku akeake.

Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, kumene kumasungidwa mabuku a ma DC akale ofotokoza za mafumu, midzi ndi msonkho. Pofufuza kumeneko lembani "Kota Kota", monga ankalembera Azungu. Dziwaninso kuti mu 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka za m'mbuyo anapsera momwemo.

Nthawi zina mzere umaduka. Amuna ambiri anapita ku migodi kudzera ku Wenela, mpaka pamene boma linaletsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndipo ena anasanduka matchona. Mabanja ena anabwera ndi ntchito ya nzimbe ya ku Dwangwa, mizu yawo ili ku maboma ena. Palinso nkhani yovuta kuikamba: m'zaka za m'ma 1800 a Jumbe ankaolotsa akapolo pa nyanja kuchokera pa Nkhotakota, ndipo m'dera lino muli zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa omwe. Agogo akakhala chete pa funso lotere musawakakamize. Lembani tsiku, dzina la amene wakuuzani ndi pamene walekezera, kenaka mukafunse mbali ina ya banja.